Mayi Ali Bwino, Mwana Ali Bwino

Pa kapepala kamene anamupatsa tsiku lotuluka m'chipatala panali mizere iwiri yokha yowerengeka. Mayi: ali bwino. Mwana: ali bwino. Zina zonse zinali ngati papalasa nkhuku. Dokotala amene analemba anali munthu wachangu. Anaima kumapazi kwa bedi, namufunsa ngati wadya, ndipo mmene iye ankatsegula pakamwa n'kuti dokotalayo ali kale pa bedi lachitatu. Mayiyo, amene anali mphunzitsi, anakapinda kapepalako n'kukaika m'Baibulo, poti mawu okoma chotero sasungidwa pamalo wamba.

Mwanayo anabadwa mochita kukoka. Mimba inayamba kuwawa Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika Lachitatu masana anali atakankha mpaka maso kufiira, mwana osasuntha. Azamba anamvetsera pamimba, nayang'anizana, mmodzi n'kuthamangira dokotala. Kamtima ka mwana kanali katayamba kutopa. Dokotala anabwera ndi kakapu kokhala ndi paipi, nakamata pamutu pa mwana mkati momwemo, n'kuyamba kukoka. Pokoka kachitatu mwana anatuluka nalira, ndipo iye anamva kung'ambika ngati kwa nsalu yakale. Anamusoka mofulumira, chifukwa pa bedi lina mayi wina anali atayamba kale kuitana amake. Za kakapuko sanadandaulepo. Pakanapanda iko bwenzi atabwerera kunyumba ndi shawelo yopanda kanthu, ndipo zimenezi ankayamba kumuuza Mulungu m'mawa uliwonse asanamuuze zinazo.

Koma kakapuko kanasiya chotupa pamutu pa mwana, cha kumanja, chachikulu ngati dzira. Chotupacho ndicho chinasanduka mwini nyumba.

Apongozi ake, mayi a mwamuna wake, anafika tsiku lachiwiri ndi chikwama chodzaza ulusi. Anali mayi aatali, ovala zakuda nyengo zonse, osaseka. Pa zaka zitatu za ukwati wake sanawaonepo mano. Nthabwala ikafika pokoma ankafinya milomo n'kuyang'ana kumbali. Kutchalitchi ankakhala benchi yomaliza pafupi ndi khomo, paulendo sankalandira ngakhale madzi, ndipo anthu anagwirizana kalekale kuti ndi mayi odzimva.

Anavundukula shawelo, nauyang'ana mutuwo nthawi yaitali.

"Ndiye mdzukulu wanga amuzula ngati msomali wolakwika."

"Akuti chiphwa chokha, Amayi."

"Akuti. Iwowo mitu yawo ili bwinobwino, ndiye azingoti." Anaphimbanso mwana. "Sukulu yonse ija, Aphunzitsi, sanakuphunzitseni kukankha?"

Tsiku lomwelo analuka chipewa choyamba, chofiira, cha kampira pamwamba. Sabata isanathe zinali zinayi. Kunja dzuwa linali losungunula phula, mwana thukuta kamukamu, koma chipewa sichinkachoka. Anthu oyandikana nawo anangoyamba kumutchula mwanayo Chipewa, ndipo mphunzitsi uja, amene anali ndi dzina lake ndi mapepala ake a sukulu, anakhala make Chipewa.

Alendo ankabwera kudzaona mwana, ndipo aliyense akangovula nsapato pakhomo ankasanduka dokotala. Mlamu wake anati ana okokedwa sakhoza masamu. Mayi wa nyumba yoyandikana anati mwana wa msuweni wake anakokedwanso chomwecho, pano ndi woimba ng'oma m'bandi, koma sananene ngati chimenecho chinali chitonthozo kapena chenjezo. Apongozi ankavula chipewa pang'onopang'ono, alendo n'kusuzumira, n'kupukusa mitu, chipewa n'kubwereranso. Potuluka, wina akakumbukira, ankaponya mawu ali kale pakhomo.

"Inunso muli bwino eti, amake Chipewa?"

"Ndili bwino."

Akayetsemula, mkodzo unkatuluka. Akanyamula beseni la matewera, unkatuluka. Mpweya unkangodzichokera osapempha chilolezo kwa munthu. Ndipo kawiri konse chachikulu chinamupeza asanafike ku chimbudzi, chomwe chinali masitepe khumi ndi awiri kuchokera pakhomo la khitchini. Masitepewo anawawerenga. Anang'amba shiti yamaluwa imene analandira paukwati, naiduladula tinsalu, ndipo ankatichapa pamodzi ndi matewera n'kutiyanika pakati pa matewerawo kuti tisaoneke. Sopo ankatha ngati akudyedwa. Aliyense ankati Chipewa ndi mwana wathanzi, onani mmene chingwe chikulemerera.

Mwamuna wake anali kalipentala, munthu wabwino mtima, amene ankakhulupirira kuti palibe vuto losakonzeka ndi tepi ndi sowo. M'mawa uliwonse asanapite ku ntchito ankazunguliza tepi yake pamutu pa mwana, n'kulemba nambala ndi pensulo pa felemu ya chitseko. Ankamubweretseranso mkazi wake madzi osamba mpaka ku bafa osapemphedwa, ndipo make Chipewa ankaziona zimenezi n'kuthokoza mumtima. Tsiku lina mwamunayo anaima n'kumuyang'anitsitsa mmene ankakhalira pa mpando, mopendama, thupi lonse litatsamira mbali imodzi.

"Bwanji osanena, amake Chipewa?" anatero ndi chisoni chenicheni.

Make Chipewa anadzutsa mutu. Anatsegula pakamwa.

"Mpandowu mwendo umodzi ndi wautali. Masiku onsewa mukuvutika chonchi, m'nyumba muli kalipentala."

Anautengera panja naudula mwendo. Mawa lake mkazi wake anakhalabe mopendama, ndiye anadula miyendo inayo kuti ilingane. Mpandowo unayamba kufupika.

Sabata yachisanu ahedi a kusukulu anaimba foni. Anafunsa za mutu wa mwana, poti mbiri yake inali itafika mpaka mu ofesi, kenaka anakumbutsa kuti tchuthi chikutha pakangopita masabata ochepa, ndipo kalasi yake ikumudikira. Make Chipewa anaiona kalasiyo m'maganizo: ana makumi asanu ndi limodzi, a msinkhu umene mwana amamva kugwa kwa singano n'kuseka mwezi wathunthu. Fumbi la choko lomuyetsemulitsa kasanu belu lisanalire. Zimbudzi za aphunzitsi kuseri kwa bwalo la mpira, masitepe osawerengeka. Ana aja akanamupatsa dzina lina tsiku loyamba lomwelo, ndipo dzina limenelo likanamuperekeza mpaka kumanda. Ntchitoyo anaivutikira zaka zinayi. Anadziwa kuti mmene analirimo sakanaimanso kutsogolo kwa bolodi.

Panali tsiku limodzi lokha lomwe munthu wachipatala akanamuonanso: sikelo ya masabata asanu ndi limodzi. Anakonza chiganizo chake monga ankakonzera phunziro. Anamwino, chiberekereni sindikutha kusunga mkodzo ndi chimbudzi. Mawu asanu ndi awiri okha. Ankawabwereza akuchapa, akuyanika, akuyamwitsa. Popemphera sankapempha zambiri. Ankangoti, Ambuye, Lachinayi mundigwirire lilime.

Lachinayi apongozi anadzuka atavala kale.

"Ndikupita nawo. Akauone mutu umene anaupotoza."

Tiyi anakana monga mwa masiku onse. Anasankha chipewa chachisanu ndi chinayi, chobiriwira, chaubweya wambiri.

Chipinda cha sikelo chinali chachitali, cha mabenchi asanu ndi atatu ndi mazenera osatseguka. Pakhomo mayi aliyense ankapereka mabuku awiri. La mwana linkatsala m'manja, la mayi linkaponyedwa m'katoni. Namwino anali mmodzi yekha pa amayi oposa makumi anayi, mtsikana wowonda wa mawu osasa, amene ankaoneka kuti tiyi wake anazizira dzulo. Apongozi anakhala benchi yomaliza, pafupi ndi khomo.

Ana ankaonedwa mmodzimmodzi, mwaulemu wonse. Kuwavula, kuwaika pa sikelo, kuwayeza mutu, kuwasuzumira m'maso ndi m'kamwa, kuwabaya katemera. Itafika nthawi ya Chipewa, apongozi anabwera kutsogolo ngati mboni m'khoti. Namwino anavula chipewa, napapasa mutu mbali zonse.

"Chotupacho chili kuti?"

"Cha kumanja," anatero apongozi.

"Kumanja kulibe kanthu, Agogo. Kumanzerenso kulibe. Mutu uwu ndi wabwino kuposa wanga. Akuyamwa, akuona, akumva, wanenepa. Chipewa ichi n'cha chiyani dzuwa lonseli? Mukufuna apse kuti mumudye?"

"Chaphwa chifukwa cha zipewazo."

"Ndiye mutilukireko tonse, titseke chipatala."

Namwino anamupatsa make Chipewa chipewacho, naitana wotsatira. Make Chipewa anabwerera pa benchi, mtima uli m'malo pa za mwana, ndipo anathokoza Mulungu mwachidule chifukwa anali ndi pempho lina lomwe linali lisanayankhidwe.

Ana atatha, inafika nthawi ya amayi. Namwino anakoka katoni ija, natulutsa chidindo m'thumba la yunifolomu. Anaima kutsogolo kwa mabenchi onse asanu ndi atatu, pomwe panalinso azibambo awiri operekeza ndi mlonda amene anabwera kudzathawa dzuwa.

"Amayi nonse, muli bwanji m'thupi? Pali amene ali ndi vuto? Mabala anapola?"

Make Chipewa anakoka mpweya. Mawu asanu ndi awiri aja anali pa nsonga ya lilime, oyalana bwino.

"Tili bwino," anayankha mabenchi onse pamodzi.

Ndipo anamva pakamwa pake pakuyankha nawo, momveka bwino, monga mwana wakhalidwe m'kalasi.

Chidindo chinayamba ntchito. Du, du, du, buku ndi buku. Pa chidindocho panalembedwa kuti ALI BWINO, ndipo amene anachipanga sanaone chifukwa chopangira chinzake chonena zina. M'mphindi zitatu amayi makumi anayi anali atapimidwa onse, ndipo anayamba kuimirira kukatola mabuku awo.

Make Chipewa anali akali chikhalire, chipewa chobiriwira chili pafupi ndi mphuno. Kaubweya kamodzi kanamulowa. Anayesa kukaletsa, koma anayetsemula, kawiri. Kansalu kamaluwa kanachita mbali yake n'kugonja. Anamva kufunda kukufalikira pa siketi ndi pa thabwa la benchi, ndipo anangokhala, mwana pamiyendo, maso pansi, anthu akumudutsa mbali zonse.

Kutsogolo kwake kunaima nsapato zamphira. Anali mayi wokolopa, wamfupi, wa imvi za m'mbali, ndowa ili m'manja. Anayang'ana benchi, nayang'ana siketi. Kenaka ndowa ija inapendekeka, madzi a sopo n'kukhuthukira pa benchi ponse mpaka pansi.

"Pepani mayi, pepani ndithu," anatero mokweza kuti chipinda chonse chimve. "Manja angawa akalamba. Taonani ndakunyowetserani siketi yabwinobwino."

"Amayi inu, tsiku lina mudzamiza mwana," anatero namwino osadzutsa mutu.

Mayi wokolopa anawerama ngati akupukuta, nalankhula pansipansi. "Chitseko chakumapeto kwa khonde kuli azamba aakulu. Amapima munthu payekha, chitseko chotseka. Koma salandira buku lopanda dzanja la namwino uyu. Mumuuze alembemo."

Make Chipewa anathokoza ndi maso. Anaimirira, natenga buku lake m'katoni, nayang'ana namwino amene anali atayamba kale kulandira gulu lachiwiri. Kenaka miyendo yake inamutengera kunja, kudutsa khonde, kudutsa geti, mpaka pamalo odikirira basi.

Apongozi anafika pambuyo pake osafulumira. Anaima pambali pake pamthunzi wa chikwangwani, maso ali ku msewu.

"Ndowa ija sinagwe yokha."

"Anapepesa, Amayi."

"Anapepesa mokoma kwambiri. Ena amabadwa ndi mwayi." Basi ina yodzaza inadutsa. "Mdzukulu wangayu amanyowetsa matewera asanu ndi atatu patsiku. Pa chingwe pamakhala nsalu makumi awiri. Zinazo zili ndi maluwa a shiti imene ndinakupatsani ine paukwati. Shiti yodula."

 Nkhope ya make Chipewa inatentha kuposa dzuwa.

"Inu mumayesa kutchalitchi ndimakhala pakhomo chifukwa chokonda kamphepo?"

Anatembenuka kuwayang'ana. Apongozi sanachotse maso ku msewu.

"Mwamuna wanu uja, mutu umene mumauona uja anabadwa nawo womwewo, sunakule kwenikweni. Iyeyo sanamukoke ndi kakapu. Anamupana ndi zitsulo ziwiri zonga masipuni aakulu. Anatuluka ndi mabala m'masaya, anapola sabata imodzi. Ine ndi zaka makumi atatu ndi zinayi tsopano."

"Simunawauze achipatala?"

"Anatifunsa. Tonse pamodzi. Ndinayankha bwino kwambiri, ndi ine ndinali ndi mawu aakulu pa benchi yathu."

"Nanga mawu aja, Amayi, oti sindinakankhe?"

"Amenewo anandipatsa apongozi anga. Ndinalibe ena. Ndinawasunga bwino, ndakupatsirani." Anakonza mpango wawo. "Zipewazo musazinyoze. Anthu akamasuzumira mutu wa mwana sasuzumira siketi ya mayi. Masabata asanu ndi limodzi alendo akudzaza nyumba, ndani anakununkhizani?"

Make Chipewa anayang'ana chipewa chobiriwira chomwe chinali chikali m'dzanja lake. Anakumbukira mmene apongozi ankamutumira ku khitchini nthawi zonse mlendo akamayamba nthabwala, ndi mmene sopo watsopano ankapezekera pa beseni wakale asanathe. 

"Ndiye mverani, ndikuphunzitseni, Aphunzitsi," anapitiriza apongozi, mawu atafewa pang'ono. "Sizovuta. Musanayende ulendo osamwa kanthu. Zovala zikhale zakuda. Kulikonse mukalowa, yambani mwaona kumene kuli khomo. Nyimbo zokweza mawu zisiyeni. Kuseka nakonso, poyamba kumasoweka, kenaka mumaiwala. Kusukuluko muwauze kuti mwana akufuna mayi ake pafupi, adzakutamandani. Muzolowera. Ine ndinazolowera."

Ananena zimenezi mwachifundo, ngati munthu wopereka chuma chake chonse. Ndipo chinalidi chuma chawo chonse. Make Chipewa anawayang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba: diresi lakuda, milomo youma ya munthu amene sanamwe madzi chidzukireni, masaya amene anaiwala ntchito yawo. Anadziona yekha pa benchi yomaliza, imvi zili mbuu, akuluka chipewa cha mdzukulu n'kumauza mkazi wa Chipewa kuti sanakankhe.

Basi yawo inafika, kondakitala atatulutsa mutu pazenera. Apongozi anaponda sitepe.

"Amayi, tandigwirirani mwanayu."

"Mukupita kuti?"

"Ndaiwala kanthu."

Anabwerera, siketi yonyowa ikumumata m'miyendo. Panjira sanapemphere mawu ambiri. Anangoti, Ambuye, Lachinayi lija ndi lero.

M'chipinda muja gulu lachiwiri linali litadzaza mabenchi. Namwino anali ataima kutsogolo, chidindo m'manja, atangomaliza kufunsa funso lake, ndipo mabenchi anali atangomaliza kukhala bwino. Make Chipewa anapita mpaka pa tebulo naika buku lake.

"Inu tathana nanu kale, mayi. Onani, muli bwino, ndadinda."

"Ndaona."

"Ndiye ngati pali china mubwere mwezi wamawa."

Mawu a make Chipewa a tsiku ndi tsiku anali aang'ono, oti munthu achite kutchera khutu. Koma anali ndi ena, amene ankafika kwa mwana wakumapeto m'kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi mvula ikugunda pa malata. Amenewo ndi amene anatuluka.

"Anamwino, chiberekereni sindikutha kusunga mkodzo ndi chimbudzi."

Chipinda chonse chinati zii. Mlonda uja anakumbukira kuti geti ili yokha. Bambo wina anayamba kuwerenga chithunzi cha pakhoma chonena za kuyamwitsa ndi chidwi chachikulu. Make Chipewa anadikira kuti nthaka ing'ambike, koma simenti ya chipatala inali yolimba.

Namwino anaika chidindo pansi. Anatsegula buku, nawerenga tsamba la kubereka, chala chikuyenda pa mizere ya dokotala.

"Anakukokani ndi kakapu." Mawu ake sanalinso osasa kwambiri. "Bwanji simunanene, mayi?"

"Munafunsa tonse."

Namwino anayang'ana mabenchi, nayang'ana chidindo. Anatenga cholembera, nadula mzere pakati pa ALI BWINO, nalemba pansi pake mizere itatu. "Chitseko chakumapeto. Mugogode mwamphamvu, amamva pang'ono." Kenaka anatembenukira ku mabenchi. "Amene wayankha kuti ali bwino chifukwa mnzake wayankha, anditsatire pakhonde mmodzimmodzi."

Palibe anasuntha. Make Chipewa ali pakhomo anamva benchi ikulira kumbuyo kwake. Mtsikana wina wamng'ono, wa mwana kumsana, anali ataimirira n'kumafufuza buku lake m'katoni, nkhope atabisa.

Azamba aakulu anali mayi onenepa a magalasi okhuthala. Anatseka chitseko, nakoka katani, nasamba m'manja, n'kuwotha manjawo pa kapu yawo ya tiyi asanamukhudze. Anamupima mosafulumira.

"Bala lanu linalowa mkati kuposa mmene anaonera tsiku lija," anatero atamaliza. "Linafika pa mnofu umene umatseka njira ya chimbudzi. Anasoka pamwamba, pansi panatsala. Zimachitika mwana akamatuluka mwachangu chotero, ndipo si chifukwa choti munakankha molakwika, wina asakunamizeni."

"Zimakonzeka?"

"Dokotala wa opaleshoni amasokanso mnofuwo. Ndikulemberani tsiku. Za mkodzozo ndikuphunzitsani kulimbitsa minofu ya pansi, muzichita katatu patsiku ngati mankhwala. Sindikulonjezani kuti mudzalumpha chingwe ndi ana asukulu. Ambiri amapeza bwino, ena katsalira kamakhalapo. Koma mwabwera nthawi yabwino. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine mphunzitsi."

"Ndiye ahedi anu ndiwalembera kalata, adikire kaye. Akafuna kudziwa zambiri abwere adzagone apa ndiwafotokozere."

Make Chipewa analandira mapepala awiri, onse owerengeka. Anavala, nafika pa chitseko, naima dzanja lili pa chogwirira.

"Azamba, tabwera awiri."

Atatsegula, apongozi anali pakhonde, chiimire pafupi ndi khoma, mwana ali m'manja, mutu wake uli pamtunda. Basi ija inali itapita popanda iwo.

"Ine ndangoperekeza," anatero apongozi msanga.

Azamba anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kuyambira pa diresi lakuda mpaka pa milomo youma.

"Operekeza ndi amene ndimawakonda. Lowani, Mayi."

"Zanga ndi zakalekale. Mwana wake ali ndi ndevu."

"Ndevuzo sitizipima. Lowani."

Make Chipewa anatambasula manja. Apongozi anamugwiritsitsa mwanayo kanthawi, ngati akumupempha kuti awaikire kumbuyo, koma Chipewa anangoyasamula. Anamupereka, nakonza mpango, nalowa. Chitseko chinatsekedwa, ndipo chinakhala chotseka nthawi yaitali kuposa poyamba. Make Chipewa anakhala pakhonde pafupi ndi mtsikana wa mwana kumsana uja. Mayi wokolopa anadutsa ndi ndowa yake osawayang'ana, ngati sanawaonepo chibadwire.

Apongozi anatuluka ndi kapepala kawo, atakapinda kanayi.

"Akuti ndizifinya katatu patsiku, ndibwerenso pakatha mwezi akaone ngati dokotala angachitepo kanthu. Pa ukalamba uno andipatsa homuweki."

Pa geti panali mpopi. Anaima, nauyang'ana, nawerama n'kumwa madzi a m'dzanja limodzi. Limodzi lokha.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Kalipentala anali pabwalo, utuchi m'tsitsi, nkhope ikuwala.

"Akuti bwanji mutu?"

"Akuti ndi wabwino kuposa wa namwino," anatero mkazi wake.

"Ndinadziwa. Nambala zanga sizinama. Koma taonani kuno, amake Chipewa. Lero ndaupeza."

Anasuntha, naonetsa mpando uja. Anali ataudulanso, miyendo yonse inayi, ndipo tsopano unali wolingana bwino lomwe, wosagwedera ngakhale pang'ono, wotalika ngati njerwa imodzi.

"Takhalanipo muone. Mukapendamanso ndiye kuti vuto ndi nthaka."

Kumbuyo kwa make Chipewa kunamveka phokoso lachilendo, ngati chitseko chimene chakhala zaka chosatsegulidwa. Anatembenuka. Apongozi anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anayesa kufinya milomo, anayesa kuyang'ana kumbali, koma kumbaliko kunali felemu ya chitseko yodzaza nambala za pensulo. Kuseka kunawatulukira konse, kosasa, kwa dzimbiri, mano onse pamtunda. Mano ake anali abwino ndithu.

"Amayi, mwadwala?" anafunsa kalipentala ndi mantha.

"Mutu wako uwo," anatero apongozi misozi ikutsika. "Zaka makumi atatu ndi zinayi, mutu wako uwo."

Kenaka anasiya mwadzidzidzi, naima njo, nayamba kuyenda mwaulemu koma mofulumira kulowera kuseri kwa nyumba. Make Chipewa anapereka mwana kwa bambo ake. Anapita pa chingwe, nasankha kansalu kamaluwa kouma bwino, nayenda masitepe khumi ndi awiri aja, n'kukapachika pamwamba pa chitseko cha chimbudzi. Kansaluko kanakokedwera mkati.

Atabwerera anapeza mwamuna wake akuyang'ana uku ndi uku, mwana m'manja, tepi ikulendewera m'thumba.

"Chachitika n'chiyani kuchipatalako?"

Make Chipewa anatulutsa mapepala awiri aja m'chikwama. Mawuwo anali atatulukapo kale kamodzi ndipo dziko silinathe.

"Khalani pansi, bambo a Chipewa. Ndikufuna ndikuuzeni za mpandowu."

Kalipentala anayang'ana pozungulira, ndipo poti panalibe pena pokhala, anakhala pa mpando wake womwewo, mawondo ali m'makutu.